Mizere Yokhota ya Bambo Anga

Kwathu kunali ku Chilomoni, chakumtunda kwa pamene minibasi zimatembenukira, m'nyumba ya lendi yoyang'anizana ndi phiri la Michiru. Bambo anga anali owotcherera zitsulo. Ankapanga mafulemu a zitseko, mageti ndi mbaula m'kashedi ka malata m'mbali mwa msewu. Manja awo ndimawakumbukira bwino kuposa nkhope yawo: zala zikuluzikulu, zokhakhala, zodzaza ndi zipsera za moto. Akati akusisite patsaya mwachikondi, unkamva ngati akukupala ndi mwala wotsukira kumapazi.

Mayi anamwalira ndili Sitandade 3. Ndinali mwana yekhayo pakhomo, wobadwa mochedwa, moti nthawi imeneyo bambo anali atayamba kale imvi. Maliro atatha kumudzi kwathu ku Nsanje, azakhali anga, alongo awo aakulu a bambo, ananena poyera kuti mwana wamkazi saleredwa ndi mwamuna yekha, makamaka m'tauni. Anati nditsale kumudzi komweko. Bambo anapempha kuti ndikamalize kaye chaka cha sukulu ndi maphunziro a katekisimu amene ndinali nditayamba kale. Azakhali anavomera monyinyirika. Anati adzabwera ku Blantyre pa tsiku langa lolandira Ukaristia koyamba, ndipo pobwerera adzanditenga.

Ine sindinkafuna kupita. Azakhali sanali munthu woipa, koma ndinali nditataya kale mayi, ndipo ndinkaopa kuti tsopano nditayanso bambo ali moyo.

Kuphika anakuphunzira, ngakhale kuti mchere unkawavuta. Kuchapa anakutha, kungoti yunifolomu yanga ankaifinya ngati ovolosi. Pamene panawagonjetsa panali pamutu panga. Sukulu ili mkati ankangondimeta ndi sizasi, masitepe okhaokha, ndipo anzanga ankati mbuzi yandidya. Chapakati pa chaka azakhali anadutsa pakhomo pathu akuchokera ku chipatala. Anandigwira chibwano, n'kunditembenuza mutu uku ndi uku, kenako anayankhula m'Chisena, chimene ankachigwiritsa ntchito akafuna kuti mawu abaye. Anati aliyense wondiona mumsewu akudziwiratu kuti ndilibe mayi. Bambo anangowerama. Anali munthu woti mawu akawalowa amangoyang'ana pansi.

Sukulu itatsekera, atsikana tonse a katekisimu tinasiya kumeta kuti tidzaluke pa tsiku lalikululo. Pafupi nafe pankakhala amake Joji, mayi wa ku Mulanje wogulitsa tomato, amene Loweruka lililonse masana ankaluka azimayi pakhonde pake. Iwowa anabwera okha kudzauza bambo kuti asade nkhawa, adzandiluka mwaulere. Bambo anathokoza, koma anakana.

"Mukamuluka inu, azakhali ake adzati mwanayu akuleredwa ndi anthu oyandikana nawo. Mundiphunzitse ineyo."

Amake Joji anaseka mpaka kugwira chitseko. Ataona kuti munthuyo sakuseka nawo, anawayang'ana zala zija, n'kupukusa mutu, n'kuwauza kuti abwere Loweruka.

Anapitadi. Ndimawaonabe atakhala pa kampando kakafupi pakati pa azimayi, mawondo atafika pafupi ndi chibwano, akuyang'anitsitsa ngati mwana wa sukulu wokhala kutsogolo. Tsiku loyamba miseche yonse ya azimayi aja inathawa. Kenako anawazolowera, n'kumakamba zawo ngati palibe mwamuna, moti bambo anadziwa zinsinsi za m'dera lathu kuposa wina aliyense. Akalakwitsa, amake Joji ankawamenya padzanja ndi chipeso, iwo n'kumapepesa.

Ku shedi anakhomera zingwe za khonje pathabwa, ndipo nthawi yopuma anzawo akamadya chinangwa, iwo ankaluka khonje uja, n'kumasula, n'kulukanso. Nkhani inafala msanga. Amisiri anzawo ankawafunsa tsiku limene adzayambe kuvala chitenje. Anyamata oitanira minibasi anawapatsa dzina loti a Saluni, ndipo ankalikuwa akamadutsa. Bambo wina wa kutchalitchi anachita kuwaitanira pambali n'kuwalangiza kuti njira yachidule ndi kungokwatira. Zinkawapweteka, ndikudziwa, chifukwa masiku ena ankafika kunyumba osafuna kuyankhula. Koma thabwa lija sanalichotse.

Atachoka pa khonje anafika pamutu panga, ndipo apa ndi pamene ndinalawa zowawa. Ndinkakhala pamkeka pakati pa mawondo awo, ndikumva fungo la chitsulo chopsa losakanikirana ndi la mafuta odzola. Zala zokhakhala zija zinkakola tsitsi langa, ine n'kumalira. Choncho anayamba kuviika manja m'madzi ofunda akaweruka, kuwapala ndi mwala, n'kuwadzoza mafuta ngati mkwatibwi. Mizere yoyamba inatuluka ngati msewu wa kwathu mvula ikagwa. Ulendo wina anakoka kwambiri moti nsidze zanga zinakwera, ndinkaoneka wodabwa tsiku lonse. Popita kukatunga madzi ndinkavala mpango. Ndinkachita manyazi, komanso ndinkawanyadira, zonse pa nthawi imodzi, ndipo sindinkadziwa kuti mtima wa munthu ungatero.

Azakhali anafika Loweruka masana, mawa lake kuli Ukaristia. Anabwera ndi chikwama chawo ndi china chopanda kanthu choikamo zovala zanga. Anatipeza panja, mutu wanga utalukidwa mbali imodzi. Anaima chilili osapereka ngakhale moni. Mzere umene bambo anali pafupi kuumaliza unawapulumuka n'kumasuka wonse. Azimayi a nyumba zoyandikana mwadzidzidzi anapeza zochita panja, wina kusesa posesa kale, wina kuanula zovala zosauma.

"Achimwene, mukuchita chiyani?"

"Ndikuluka, achemwali."

"Tadzukani ndimalize, mwanayu mawa akaima pamaso pa anthu."

"Ayi, khalani mupume, mwayenda ulendo wautali. Ndimaliza ndekha."

Chibadwire ndinali ndisanamvepo bambo akukana mawu a azakhali. Ndinagwira mwendo wa bambo mwamphamvu. Anatenganso tsitsi lija, n'kuligawa patatu, n'kuyambiranso. Azakhali anakhala pa ndowa yovundikira, milomo atailuma, maso ali pa zala za mlongo wawo. Bambo atafika pafupi ndi khutu ndinadzidzimuka ndi ululu, ndipo azakhali analephera kupirira. Anawauza kuti pamenepo sipokoka chotero, azitenga tsitsi pang'onopang'ono. Anasendeza ndowa ija pafupi, n'kutenga chipeso, n'kumawagawira mizere. Koma kuluka sanaluke. Anawasiya bambo mpaka mzere womaliza, ndipo nditadzuka ndinaona azakhali akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, akudandaula kuti fumbi la ku Blantyre ndi loipa.

Mawa lake ndinalandira Ukaristia nditavala zoyera. Mizere yanga inali yokhota kuposa ya wina aliyense pamzere wa atsikana, ndipo sindinaibise. Komabe mtima sunali m'malo. Za ulendo panalibe amene anazitchula, ndipo chikwama chopanda kanthu chija chinali pakona chikundidikira.

Lolemba m'mawa azakhali anandiuza kuti ndiwanyamulire katundu. Tinatsika mtunda tonse atatu, ine ndikuganiza kuti zovala zanga adzazitumiza pambuyo. Pa siteji anandilanda zikwama zonse ziwiri, n'kukwera minibasi, n'kukhala chakuwindo. Ine ndinangoima, osadziwa ngati ndikwere. Anatulutsa mutu n'kuyang'ana bambo.

"Akadzatha msinkhu mudzanditumizire uthenga. Zimenezo zokha simungaziphunzire."

Minibasi inanyamuka. Bambo anaseka, kenako anatembenukira kumbali n'kukhala kanthawi akuyang'ana phiri. Pokwera mtunda anandigwira dzanja, ndipo ndinamva kuti chikhatho chawo chinali chitafewa.

Lero Chilomoni anasintha. Pamene panali shedi ya bambo pali mashopu, ndipo saluni zili paliponse, zina oluka ake ndi anyamata, popanda wowaseka. Ana anga amasankha maluko pafoni, n'kumadandaula mzere umodzi ukapendekeka pang'ono. Bambo anapita, azakhali anapitanso. Ine ndafika pa msinkhu umene bambo anali nawo nthawi ija, ndipo ndikakhala ndi anzanga ndimamva mawu omwewomwewo: takula ife, mutu sugwiranso, zatsopano n'za ana. Nanenso masiku ena ndimafuna kutero, chifukwa kukhala pa kampando ka wophunzira uli ndi imvi kumachititsa manyazi. Koma mawu amenewo amandikanika kutuluka pakamwa. Bambo anga akanawanena, palibe akanawadzudzula. Ine ndikanakulira kwina, ndipo iwo ndikanangowadziwa ngati munthu uja amabwera ndi shuga pa Khirisimasi.