Phiri la Everest linandigwetsera pa masitepe a ku Dubai

Nkhaniyi sindikupeka ayi, anzanga, chifukwa ndikanakhala wopeka ndikanadzipatsa mathero aulemu kuposa awa.

Nthawi ya korona ndinali mlonda pa nyumba ina yaitali ya maofesi kufupi ndi Al Mankhool, kuno ku Dubai. Anthu onse ankagwirira ntchito kwawo, ife n'kutsala tikulondera mipando. Poti sukulu ndinaisiyira panjira koma kuwerenga sindinasiye, ndinatola buku la anthu oyenda wapansi mpaka patsinde pa Everest, pamene okwera phirilo amamanga misasa. Ine amene Mulanje ndimangomuonera pa windo la basi, ndinati nanenso ndidzapita!

Mnzanga wa ku Nepal amene tinali naye pa shifiti, yemwe kwawo ankasenzera alendo katundu m'mapiri omwewo, anaseka n'kunena kuti inshallah, Mulungu akalola, ndege zikayambanso adzanditenga, koma ndidziwe kuti kumtundako mpweya ndi wochepa. Apa ndi pamene nzeru zanga zinandipweteka. Ndinati bwanji ndizolowereretu? Masana ena pa nthawi yopuma ndinavala mamasiki ophatikiza, chikwama ndinadzaza mapepala a pulinta, n'kulowa m'masitepe osauza munthu, foni nditaisiya pa chaja.

Ndinaiwala kuti mabwana anali atazimitsa makina oziziritsa, ndipo zitseko zam'mwamba zinali zokhoma. Kutentha kwa kuno mukukudziwa. Ndinakwera ndithu, mpaka m'maso munachita mdima, kenako ndili gwa! Mamasiki ndinavula, koma mpweya unali ngati wa mu uvuni. Kudzuka kunakanika, kukuwa mawu osatuluka. Ndinaganiza za ana anga ku Zomba: adzawauza kuti bambo awo anafera pati? Pa sitepe?

Kenako ndinamva mapazi kumunsi, akubwera pang'onopang'ono, kuponda, kuima, kuponda, kuima. M'nyumba yopanda anthu! Mumtima ndinati imfa ndi imeneyi, ndipo sikufulumira poti ikudziwa kuti sindithawa.

Anali mnzanga uja. Ataona kuti ine ndi chikwama palibe, anadziwa misala yanga. Anandimwetsa madzi pang'onopang'ono, akundizazira kuti phiri salithamangira ndipo munthu sapitako yekha. Atatero anandimangirira kumsana kwake ndi lamba wodutsa pachipumi pake, monga amasenzera kwawo, n'kunditsitsa ngati thumba la mpunga, mwamuna mnzake wandevu.

Ndege zinayambanso kalekale, iye anabwerera kwawo, ine ndikadali pa geti, wotopa, ndipo bukulo ndimawerengabe koma nditakhala pansi. Lero ndimakhulupirira kuti mabuku amatchula okwera, koma amene amabweza anthu amoyo ndi osenza katundu aja. Inu amene mukulota za Everest, lotani ndithu, koma musanaponde sitepe yoyamba uzani munthu kumene mukupita, makamaka woti angakusenzeni.