Mwana wa Chigawenga cha M'kanema

Itwari Nishad wakhala akumata machubu a njinga pafupi ndi depoti ya basi ku Dhamtari kuyambira ali mnyamata, ndipo chibadwire sanaphepo ngakhale nkhuku. Ikafunika nkhuku pakhomo amaitana mnansi, iye n'kuzembera kuseri kwa nyumba. Koma funsani aliyense kuyambira ku Rajim mpaka ku Kanker, akuuzani kuti munthu ameneyu analanda minda ya akazi amasiye, anakankhira mphunzitsi m'chitsime, ndipo anatentha mkazi wa mwana wake ndi palafini chifukwa makolo a mtsikanayo sanapereke njinga yamoto pa ukwati. Zonsezi anachitadi, koma anachitira m'kanema.

Amene anamulowetsa m'mavutowa ndi Gendlal, wopanga mafilimu a m'chinenero chathu cha kuno ku Chhattisgarh. Anabwera tsiku lina tayala litamuphwera, n'kuona ndevu zapamlomo za Itwari, zakuda bii, zopindikira m'mwamba, ndi diso lake lamanzere lopenyera kumbali. Chubu chisanaume n'komwe, Itwari anali atalembedwa kale ntchito ya uchigawenga.

Mafilimu athuwa mukuwadziwa. Kamera ndi imodzi, nyumba ndi yobwereka, ndipo ojambulidwa amabalalika mpunga ukacha kumunda. Eni maholo amawaonetsa m'mawa, nthawi imene mafilimu a Chihindi a ku Mumbai saifuna, koma anthu amabwerabe atadzazana m'mathirakitala. Malipiro a Itwari anali mbale ya mpunga ndi ya basi. Chimene chinkamukoka chinali kumva chinenero cha amayi ake chikutuluka m'masipika aakulu, anthu n'kumaseka nthabwala za kwawo. Akatulukira iye pansalu ya kanema, amayi ankaponya masilipasi, ndipo Itwari ankabwerera kunyumba mtima uli mbee.

Choseketsa n'chakuti mawu aja, ogunda ngati bingu, sanali ake. Liwu la Itwari ndi laling'ono ngati la kamwana ka mbuzi. Pojambula ankangotuzula maso n'kumatchula zipangizo za njinga, sipoko, tcheni, belu, kuti pakamwa payende, kenako bambo wina wa ku Raipur ankaikamo mawu ake. Koma anthu athu! Munthu akhoza kukumatira chubu bwinobwino m'mawa, iwe masana n'kumuuza mwana wako kuti asadutse pafupi ndi mfiti ijayi.

Itwari ankaziseka zimenezi mpaka pamene zinakhudza Tikeshwari, mwana wake mmodzi yekhayo, amene anamulera yekha mkazi wake atamwalira. Amalume a mtsikanayo anamupezera mwamuna ku Kurud, dzina lake Lomesh, wogulitsa mafoni. Awiriwo anagwirizana, ankaimbirana madzulo aliwonse, ndipo Tikeshwari anali atayamba kale kusoka zovala zopita nazo kwa apongozi. Chinangotsala n'chakuti akuchimuna abwere kudzamuona mtsikana mwamwambo.

Anabweradi, n'kukhala pamphasa. Tikeshwari analowa ndi tiyi, nsalu ili kumutu, maso ali pansi. Koma agogo ake a Lomesh sanamuyang'ane n'komwe. Maso awo anali pa Itwari.

"Ndi uyu!" anakuwa agogowo. "Ndi uyu anatentha kamtsikana kaja! Ndinamuona ndi maso angawa, machesi ali m'manja!"

"Agogo, lijatu ndi sewero," anatero Itwari ndi kaliwu kake kaja. "Mtsikana uja ali moyo, amagwira ntchito kubanki."

"Tamumvani, wasintha ndi mawu omwe kuti atipusitse! M'nyumba muno sindimwa ngakhale madzi. Mwana wa njoka ndi njoka."

Anatuluka onse, tiyi n'kuzizira m'makapu.

Itwari anathamangira kwa Gendlal. "Achimwene, mu filimu ikubwerayi mundipatse malo a munthu wabwino. Wansembe, dokotala, ngakhale wopemphetsa. Kamodzi kokha, anthu andione ndikuchitira wina chifundo."

Gendlal anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, wansembe? Ndi diso limenelo? Anthu angabise ana awo ndi mbale ya zopereka yomwe! Nkhope imeneyo ndi munda wako, Itwari, usaulime chimanga cha eni."

Ndiye Itwari anachita chimene sanachitepo chikulire. Anapita kwa wometa, ndevu zija n'kugwera pansi, pamlomo n'kutsala mbee ngati nkhuku yososola. Anagula bokosi la maswiti, anavala malaya oyera, n'kukwera basi ya ku Kurud.

Punaram, bambo ake a Lomesh, anamulandira atakhala pa kama wa zingwe pabwalo, ndipo sanasunthe kuti mlendo akhale. Itwari anakhala pansi. Azakhali, agogo aja ndi anansi anaunjikana pakhonde, Lomesh ali pakati pawo.

"Asewere," anayamba Itwari, manja ali pamodzi, "ine ndine womata machubu chabe. Mwana wanga sanalakwe kanthu."

"Aa, zimenezo tikudziwa," anatero Punaram akutokosa m'mano. "Ife si ana, tikudziwa kuti kanema ndi kanema. Amayiwa ndi okalamba, asiyeni. Koma dzina, bambo, dzina! Ndikamayenda pamsika anthu azinena kuti uyo ndi sewere wa wotentha anthu. Manyazi amenewo ayenera kupukutidwa ndi kanthu. Pa katundu wobwera ndi mtsikana muonjezepo njinga yamoto, ndi firiji. Tikatero tidzatseka maso."

Apa m'pamene phata la nkhaniyi linaonekera. Agogo aja ankaopadi, osauka, koma mwana wawoyu anaona msika pa mantha a amayi ake. Anthu a m'maso muli gwa ngati amenewa ndi amene amalira kwambiri m'holo mtsikana akamatenthedwa.

Itwari anamuyang'ana Punaram. "Nanga njingayo ikachedwa, mwana wanga mudzamutani?"

Anayankha ndi azakhali ena pakhondepo, akuseka. "Mukutifunsa ife? Si inu munatiphunzitsa zochita njinga ikachedwa?"

Khonde lonse linafa nalo phwete.

Itwari sakumbuka mmene anaimirira. Akukumbuka bokosi la maswiti likumenya khoma, maswiti n'kumwazika m'fumbi.

"Agalu inu!" anakuwa, kaliwu kake kakusweka. "Ine ndinayatsa machesi pamaso pa kamera, mtsikana n'kudzuka kukadya mpunga! Inu mukuseka za palafini, mwana wanga mukumutchula dzina! Ndinamusambitsa ndekha, ndinamuluka tsitsi ndekha ndi manja a girisiwa, ndiye ndimupereke kwa afisi, ndiwonjezepo ndi firiji yosungiramo nyama yake? Punaram, ukadzaponda pakhomo panga ndidzakuthyola miyendo ndi mpope! Ukwati watha! Ndauthetsa ine!"

"Mwamuona?" anatero agogo aja akubisala kuseri kwa chitseko. "Ndinanena ine. Ndi yemwe uja."

M'basi Itwari anali ndi mkwiyo wosakanikirana ndi mantha, poti sankadziwa kuti akamuuza bwanji mwana wake. Koma nkhani inamupitirira pa msewu. Wina anali atamujambula pa foni n'kumwaza, ndipo asanatsike n'komwe, anyamata a kumbuyo anali akuonera n'kumamuloza. Gendlal anaimba foni akukuwa ndi chimwemwe. "Mphwanga, ukali umenewu unkaubisa kuti? Ndevuzo zimere msanga, tili ndi ntchito!" Itwari anadula foniyo.

Anapeza Tikeshwari atakhala pa makina osokera, dzuwa likupendeka, foni ili m'manja. Kaliwu ka bambo ake kankatuluka mmenemo, kakulira za tsitsi ndi girisi. Wojambulayo sankaoneka, koma ankamveka. Ankaseka pafupi penipeni ndi foniyo, mpaka chithunzi chinkagwedezeka, ndipo pena ananong'ona kuti, "Amdala apenga, amdala apenga."

"Mwanangu," anatero Itwari ali chiimire pakhomo, "ndakuonongera ukwati."

Tikeshwari sanadzutse mutu. Anabweza kanemayo pang'ono, n'kuika foni pakhutu, kumvetsera kachiwiri kuseka kuja, kuseka kumene ankakumva pa foni madzulo aliwonse.

"Ababa, Lomesh anaima pati?"

Itwari anakumbukira khonde lija, n'kuyang'ana pansi.

Mtsikanayo anazimitsa foni. Anatulutsa bulauzi wofiira wopita naye kwa apongozi amene anali pansi pa singano, n'kutenga lumo, n'kuyamba kuphwasula msoko pang'onopang'ono kuti nsalu isaonongeke.

"Khalani pansi," anatero. "Pamlomo panu patuluka magazi, wometayo anakuchekani."