Khadi la a Lazalo lapsa

Muli bwanji nonse abale anga, ndine Tisa kuno ku Nyimba.

Mphenzi ya dzulo yatithela intaneti kunyumba kwa amai. Lelo ndaitana a Tembo okonza makompyuta. Atsegula kompyuta ija anatiikila malemu akulu athu a Lazalo, ya makhadi awili, lina lolandila intaneti, lina loigawa m'nyumba. Logawalo lapsa.

A Tembo pofuna kulitaya, amai awagwila dzanja. "Bambo, limeneli analiikamo mwana wanga ndi manja ake. Bwezelanimo."

Alibwezelamo. Mpaka pano amai ali pampando, akuyembekezela kuti liyake.

Popanda khadi latsopano sadzaonanso adzukulu awo pafoni. Tilisinthe mobisa, kapena wina aimbe awauze zoona? Ine pakamwa pandilemela.