Anandisinthira Bodi, Mawu a Mkazi Wanga N'kufufutika

Tsiku limenelo kunacha ndi mitambo yakuda kuphiri la Chiradzulu. Masana mvula inamenya malata mpaka belu la kutchalitchi silinkamveka. Kenako mphezi inang'anima, magetsi anathima, ndipo atabwerera kompyuta yanga ya patebulo sinayakenso. Inu owerenga, zimene zinatsatira zisadzakugwereni.

Kompyutayo anatigulira mwana wathu wamkazi, yomangidwa kale kufakitale. Malemu mkazi wanga ankatsogolera kwaya ya amayi, ndipo ankajambulamo mawu ake akuphunzitsa nyimbo. Pena ankalakwitsa n'kuseka, pena ankandidzudzula kuti ndikutsokomolera pafupi. Atamwalira, ndinkamvetsera zimenezi Lamulungu ndikabwera kumapemphero. Palibe ankadziwa. Ndine mkulu wa mpingo, ndimatonthoza ena pamaliro, ndiye ndinkachita manyazi kuti anthu amve zoti ndikulirabe.

Kompyutayo ndinaikweza pa kabaza kupita nayo kwa anyamata awiri apachibale okonza makompyuta pa Njuli. Wamkuluyo atatsegula ananunkhiza m'kati, nati bodi yapsa, ndiye kuti thabwa lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizikapo. Anandifunsa ngati munali zinthu zofunika.

"Tinyimbo chabe," ndinayankha choncho, maso ali pansi.

Bodi yofanana nayo sinapezeke ngakhale ku Limbe, poti za kufakitale zimakhala ndi kapangidwe kakekake. Anyamatawo anaika ya mtundu wina, mpaka kuboola mabowo atsopano m'bokosimo. Koma kompyuta inakana kudzuka ndi bodi yachilendo. Pofuna kuti idzuke, anafufuta zonse za m'disiki yosungira zinthu n'kuyambira pachiyambi. Sanandiimbire foni.

Nditapita kukaitenga ndinaipeza ikuyaka bwinobwino. Ndinafunsa za nyimbo.

"Tinafomata, adadi," anatero wamng'onoyo akumwetulira. "Koma musadandaule, takuikirani zina zambirimbiri, za kwaya zokhazokha. Mpaka mudzatopa nazo."

Ndinakhala pabenchi n'kuwauza mwini wa mawu amene anali mmenemo. Wamkuluyo anavula chipewa.

"Mukanangonena, adadi. Disiki tikanaichotsa kaye n'kuisunga pambali."

Anayesetsa masiku angapo kuti abweze zofufutikazo, osandilipiritsa kanthu. Zinakanika, chifukwa nyimbo zimene anandiikira mwachifundo zinali zitalembedwa pamwamba pa mawu a mkazi wanga. Lero ndikafuna kukumbukira kaseke kake, ndimachita kuvutikira, ndipo chaka chilichonse kakunka katalikira.

Inu owerenga, kukagunda mabingu zulani chingwe cha kompyuta kukhoma. Zimene simungazipezenso kwina, zisungeni pafulashi lero, mupatseko ndi mwana wanu. Mukamakasinthitsa bodi, auzeni okonzawo achotse disiki asanakhudze china chilichonse, ndipo asafufute kanthu musanavomere. Koposa zonse, musachepetse ndi pakamwa chinthu chimene chili chachikulu mumtima mwanu. Wokonza amamva zimene mwanena basi.

Kwa miyezi ndinkazungulira njira ina kuti ndisadutse pashopu pawo. Achibale anga ankati ndikawasumire. Ndinapemphera nthawi yaitali, mpaka tsiku lina la msika ndinalowa n'kuwapatsa moni. Anayenera kundiimbira asanafufute, zimenezo nzoona. Koma anyamatawo ndinawakhululukira.