Kwa Mvuu Umalowa ndi Odi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, amene ankaphika ku hotela ya ku Senga Bay nkhondo yaikulu ija itangotha. Kunabwera mzungu wofuna munthu womuyendetsa pa bwato m'dambo. Analibe mfuti. Ankangofuna kuona mbalame ndi magalasi oonera patali, basi.

Zida zanga zinali nkhafi ndi nsungwi yaitali yokankhira bwato m'gumbwa. Lamulo la dambo ndinalidziwa kuyambira ndili mwana: ukamakhota pomwe sukuona kutsogolo, umagogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi, go go go! Mvuu imve, idzutse mutu, uilambalale. Ndiye odi wake ameneyo.

Masiku awiri tinayenda bwino. Inu, dambo lija! Akakowa mbuu ngati thonje, atsekwe akauluka dzuwa limabisika, nkhwazi ikulira pamwamba. Tsiku lachitatu a Mbewe, omwe ankamasulira chizungu, akuti, "Iwe, Bwana akuti kugogodako kukuthawitsa mbalame. Ukagogodanso, ntchito yatha."

"Nanga mvuu?"

"Akuti mvuu ali nazo m'buku."

M'buku! Mpaka lero ndikakumbuka magazi amawira. Koma ndinali wopusa, ndinkafuna kabudula wa khaki amene Bwana anandilonjeza. Ndinasiya kugogoda.

Tinakhota pa bango mwakachetechete ngati akuba. Madzi anatupa kutsogolo kwathu, kenako phwaa! Mvuu yaikazi, kamwana kali pambali. Pafupi moti nsungwi ikanaikhudza. Inayasamula. M'kamwa mofiira, motakasuka ngati khomo la nkhokwe, mano ngati mikono yanga. Mpweya wake unandifika kumaso, wotentha, wonunkha udzu. Ndinaiwala ndi kuopa komwe. Chinthu chotere anachiumba Mulungu, ine ndabwera osaodira!

A Mbewe anagona m'bwato akuitana amayi awo. Magalasi a Bwana anagwera m'madzi.

Ndinagwira nkhafi. Go. Go. Go. "Odi, mayi. Talakwa."

Inandiyang'ana nthawi yaitali, ikupukusa makutu. Kenako inamira pang'onopang'ono, kamwana kakutsatira. Ndinabweza bwato chambuyo mpaka kugombe.

Titatsika, Bwana analankhula ndi a Mbewe. Akuti ndinawalowetsa dala pangozi. Anandichotsa tsiku lomwelo, kabudula sindinamuone.

Lero anyamata amadutsa pamenepo akuyimba mluzu, nkhafi osagogoda. Ndimawakalipira mpaka mawu kusasa, amvekere mdala wapenga. Apenga ndi iwowo. Mwini dambo anandikhululukira kamodzi, ndipo sindinamve kuti amakhululuka kawiri.