Tsiku Limene Batire Linapita Kokawedza

M'tauni yathu ino ya kumpoto kwa Minnesota, mukalowa m'nyumba osaponda kapeti wa mayi Arlys Tollefsrud, dziwani kuti eni ake ndi obwera chaposachedwa. Mayiwa anagwira ntchito yophikira ana kusukulu mpaka kupuma, koma chimene chinawatchukitsa ndi nsanza. Munthu akamwalira, abale ake amawatengera malaya ndi makatani a malemuyo, iwo n'kuzing'amba timizeremizere, n'kuwomba kapeti woti ana a munthuyo aziponda akamadzuka. Ndi munthu wofatsa, woti akapsa mtima mumangodziwira poti wayamba kupukuta pamalo poyera kale.

Chowombera chawo chili m'chipinda cha pansi pa nyumba. Anachikhoma ndi bambo awo, komweko pansi, ndipo anachimata mwakuti sichiphwasulika. Masitepe ndi opapatiza, okhota pakati. Chinalowa chili matabwa ndipo sichidzatulukanso. Pamiyendo yake pali mzere wakuda, chikumbutso cha chaka chija magetsi anazima mvula ili mkati, pampu yochotsa madzi osonkhana m'dzenje la pakona pa chipindacho n'kuima, madzi n'kusefukira. Mwendo umodzi unafufuma, ndipo kalipentala amene anadzauona ananena mosabisa kuti ukadzamwanso madzi, basi kwatha.

N'chifukwa chake chipale chofewa cha nyengo yozizira chitayamba kusungunuka chaka chino, mayi Arlys anapita kusitolo ya zitsulo kukafuna pampu yachiwiri, yoti izigwira ntchito magetsi akazima. Wogulitsa kumeneko ndi Lavonne, mnzawo wa kusukulu, mayi wa pakamwa posatseka.

"Ilipo yoyendera mphamvu ya madzi a m'mipope," anatero Lavonne, "koma iwe usayiyang'ane n'komwe. Kwanu kuja mumamwa a pachitsime. Magetsi akazima, pampu ya pachitsime nayo imagona, ndiye yakoyo idzayendera chiyani? Pemphero?"

"Ndiye nditenge ya batire?"

"Ya batire. Tenga iyi, imalira ikayamba kukoka, ndipo batire lake ndi losatopa msanga, lofanana ndi la m'maboti." Lavonne anaima kaye, n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwamuna wako Wendell akuwedzabe?"

"Angasiye amenewo?"

"Ndiye ugule bokosi lokhala ndi loko."

Mayi Arlys anaseka pang'ono, manyazi atawagwira. Kukhomera mwamuna wako loko m'nyumba mwake momwe, ngati wakuba?

"A Wendell sangachite zimenezo," anatero.

"Amuna onse a m'tauni muno sangachite zimenezo," anayankha Lavonne, "mpaka Loweruka lotsegulira nyengo yowedza."

Anagula bokosi lopanda loko. A Wendell, amuna awo, amene moyo wawo wonse anayendetsa basi ya ana asukulu, anamanga pampuyo okha, ndipo anaimanga bwino. Atamaliza anakhala kanthawi atagwada, akusisita batirelo ngati mutu wa mwana.

"Batire labwino ili," anatero. "Laposa langa la m'boti."

"Ndi la pampu," anatero mayi Arlys.

"Ndangoyamikira, Arlys. Kuyamikira n'kulakwa?"

Loweruka lotsegulira nyengo yowedza limagwa mawa lake kuli Tsiku la Anakubala, lomwe kuno limakhala Lamulungu, ndipo akazi a kuno anasiya kale kudandaula. Amuna amazimiririka onse, ngakhale amene amati msana sukuwalola kutchetcha kapinga. A Wendell ananyamuka m'mamawa ndi mlamu wawo Gordy, atatenga masangweji ndi khofi, boti likugwedezeka kumbuyo kwa galimoto. Kunja kunali kowala bwino.

Masana mphepo inatembenuka. Mayi Arlys anali pansi, akuwomba kapeti wa malaya a malemu wina wa kutchalitchi kwawo, pamene mvula inayamba kumenya pakawindo ka m'mwamba. Nthaka inali itakhuta kale madzi a chipale, moti pampu ya magetsi inkangoti ikapuma pang'ono yayambanso. Kenaka kunang'anima, kunagunda, getsi n'kuthima.

Sanadzidzimuke. Anakhala mumdimamo manja ali pamwendo, akudikira kuti pampu yatsopano ilire, ndipo mumtima ankamva kukoma ngati munthu amene wafunda bulangete mvula ili padenga. Anadikira. Chimene ankamva ndi madzi okha, akuthira m'dzenje kuchokera m'mapaipi a pansi pa maziko.

Anayatsa tochi ya pafoni, n'kukatsegula bokosi lija. Munali mawaya awiri okha, atapindidwa bwinobwino, mwaulemu, monga apindira a Wendell chilichonse.

Anawayimbira foni, koma kunyanja kuja foni sigwira. Dzina la Lavonne linali pomwepo pansi pa chala chawo. Analiyang'ana, n'kuganiza za mawa kutchalitchi, nkhani itafika kale pabenchi iliyonse, a Wendell akulowa anthu akugwirana m'nthiti. Anaika foni pashelefu kuti iziwaunikira, n'kutenga ndowa ziwiri za ayisikilimu zimene amasungiramo nsanza.

Kutunga sikunali kovuta. Chovuta chinali masitepe. Ankakwera nazo, kukhuthula panja pakhomo la kukhitchini, kutsika, n'kupeza madzi abwerera pamene anali, n'kuwonjezerapo. Mawondo anayamba kuyaka moto. Sanawerenge maulendo. Ankangoyang'ana mlomo wa dzenje, ndipo atabwera ulendo wina anapeza mlomowo kulibe, madzi ayamba kuyenda pasimenti, kalilime kopyapyala kolunjika kuchowombera. Anagwetsa mulu wa nsanza, malaya a anthu amoyo ndi akufa omwe, n'kuuponda kuti ukhale khoma. Anayesa kunyamula mwendo wodwala uja kuti alowetse njerwa pansi pake. Chowombera sichinasunthe ngakhale pang'ono.

Pamenepo anatenga foni. Anthu aseke, bola chowombera cha bambo awo chikhale. Chala chisanafike padzina la Lavonne, chitseko cha kukhitchini chinamenyetseka kukhoma.

"Arlys! Usanene kanthu! Ndikudziwa!"

A Wendell anatsika masitepe chammbali, atakumbatira batire pamimba, madzi akuchucha m'chipewa, jekete yoyandamitsa ikadali m'khosi. Anagwada m'madzimo.

"Ndiunikire apa. Langa lija linafa m'mawa, ndiye ndinati kunja kuli kowala chonchi, ndingobwereka..."

"Mwati ndisanene kanthu."

"Eya, usanene."

Nati yomangira waya inawapulumuka n'kugwera m'madzi, mayi Arlys n'kuitola. Batirelo linali litayendetsa kainjini ka boti m'mawa wonse, ndipo onse awiri ankadziwa kuti mwina latha mphamvu. Waya wachiwiri atangogunda, bokosi linalira mokweza, ndipo pansi pa madzi panamveka kung'ung'udza, kofooka poyamba, kenaka kokhazikika. Paipi ya pakhoma inanjenjemera. Anayang'anitsitsa onse awiri mpaka mlomo wa dzenje unaonekanso, wakuda, wonyezimira.

Mayi Arlys anakagwada pachowombera, n'kupapasa miyendo yonse inayi umodziumodzi. Nsanza zinali zitanyowa zonse, koma kuseri kwake simenti inali youma. Anakhala pansi pomwepo, msana atatsamira mwendo wodwala uja, ndipo mpamene anazindikira kuti manja awo sakutha kufumbata.

"Gordy ali kuti?" anafunsa mayi Arlys.

"Ndamusiya padoko, pansi pa kadenga kaja. Ali ndi masangweji, safa."

"Mwamusiya?"

"Amakana kuchoka! Nsomba zinali zitangoyamba kudya, Arlys. Sizinadyepo chonchi chibadwire changa. Koma nditaona mtambo uja wakhala pamwamba pa tauni, ndinakumbukira pampu. Ndinadula chingwe nsomba ili kumbedza."

"Yaikulu?"

A Wendell anatambasula manja, n'kuwayang'ana akazi awo, n'kuwabweza pang'ono.

Mayi Arlys anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kuleka msanga. A Wendell anavula chipewa n'kukhala nawo pasimentipo. Batire linakoka mpaka magetsi anayaka chakumadzulo, ndipo pampu yakale italandira ntchito, a Wendell anapita kukatenga mlamu wawo, amene sanawayankhule njira yonse.

M'mawa mwake, pobwera kutchalitchi, a Wendell anaimika galimoto pasitolo ya zitsulo, yomwe imatsegula theka la tsiku Lamulungu. Mayi Arlys anatsala m'galimoto, koma kuseka kwa Lavonne anakumva mawindo ali otseka. Amuna awo anatuluka makutu ali psu, atanyamula kathumba ka pepala.

"Wati chiyani?"

"Wati ndine wachitatu kuyambira m'mawa."

Atafika kunyumba anatsikira pansi ndi zida zawo, ndipo kunamveka kuboola ndi kukhoma. Atakwera anaika makiyi a bokosi la batire patebulo, pafupi ndi mbale ya akazi awo. Makiyi a loko amabwera awiri, ndipo onse anali pomwepo.

"Mphatso ya Tsiku la Anakubala," anatero. "Ubise pamene sindingapeze. Ndimadzidziwa."

Nsanza zija mayi Arlys anazichapa n'kuziyanika, ndipo kapeti wa malemu uja anamumaliza sabata yomweyo. Makiyiwo anawamangirira ndi kansalu kofiira kumwendo wodwala wa chowombera, pamwamba pang'ono pa mzere wakuda. A Wendell amawaona tsiku lililonse akatsikira pansi, ndipo mpaka lero sanawakhudzepo.