Majombo a Batate

Majombo aja nikali kuyaona mpaka lelo, imwe! Akuda, olema monga myala, na tunsimbi pansi tolira kwe! kwe! pa mseu. Batate anabwera nayo ku nkhondo ya ku Bama, pamodzi na chifuwa chosapola. Chifuwacho n'chimene chinawatenga nili na zaka naini, pa munzi wathu kufupi na Chalimbana.

Maliro atangotha, batate aang'ono, mng'ono wao, anafika kudzatenga katundu monga mwa mwambo. Njinga, makasu, mabulangeti, vonse pa ngolo. Bamai anakhala pa khomo na mutu wao wometa. N'tamva ati "nanga majombo?", ninathamangira m'nyumba n'kulowetsamo tumiyendo twanga. Kamtsikana, majombo ofika m'maondo!

"Vula, iwe!" anakuwa batate aang'ono.

"Sinivula. Dulani miyendo."

Ninayankha choncho munthu wamkulu, ndipo na lelo sinipepesa. Fungo la batate linatsala m'majombomo chabe.

Nyengo yonse yozizira ninayenda nayo. Kusukulu anzanga ati "Msilikali! Lefuti, laiti!" Baticha anayesa kamkwapulo, anatopa okha. Matuza anaphulika, zidendene zinafiira monga nyama, ine osavula. Tsiku la Sondo lililonse batate aang'ono anali kubwera kuchoka ku Bundabunda kudzafuna majombo, ndipo bamai anali kukuwa pamaso pao: "Alamu, mwana uyu wanikanga! Vula, chitsiru iwe!" Eee, mmene ninawazondera bamai! Ninaleka na kuwayankha.

Pogona pokha m'pamene n'nali kuvula, n'kuyakumbatira. Koma m'mawa uliwonse n'nali kupezamo makoko a chimanga ofewa bwino, chikumba chodzoledwa mafuta a nsatsi. Mumtima ninati, ni batate aba, ali mbali yanga.

Nthawi yolima itayandikira, batate aang'ono anayang'ana majombo, anayang'ana ine, n'kulavula pansi. "Sunga. Mutu wouma monga wa wiso, mkulu wanga." Sanabwerenso.

Ninathamanga kwe! kwe! mpaka kumanda, kukathokoza batate mokuwa. Pobwerera ninakumana na bamai pa njira, mtsuko pamutu. Ananigwira tsaya, ine ninakankha dzanja lao n'kupitirira. Linali kununkha nsatsi, dzanja lija. Ninangoti mwina adzola.